Mbaula ya bai Stamen

Chisamani chinandipeza ndikuwotcha tsabola pabwalo, maliro a bai Stamen asanazizire n'komwe. Pepala lolengeza imfa yawo linali likadali pageti, chithunzi chisanasuluke, koma Zdravko, mwana wa mlongo wawo, anali atafika kale kukhoti ku Lovech kukanena kuti ine Ginka ndinaphwanya pangano, choncho nyumba ibwerere kwa achibale. Ndinawerenga ndili chiimire mpaka tsabola anapserera.

Pangano lake ndi lomwe lija limene theka la nkhalamba za m'mudzi mwathu zinasaina: ndikulembera nyumba, iwe undisamale mpaka undiike m'manda. Ine nthawi imeneyo ndinali nditangoferedwa mwamuna, mwana ndinalibe, ndipo alamu anga anali atayamba kale kuyeza mawindo a nyumba imene tinkakhala m'tauni, poti inali ya makolo awo. Bai Stamen (bai ndi mmene timatchulira amuna achikulire mwaulemu kwathu) anali mnzawo wa malemu bambo anga. Anandipeza pamsika, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akugula mbuzi, kenako anafunsa ngati ndimatha kuphika nyemba osapsereza. Ndinati ndimatha. Anati basi, tiye tikasaine. Papepalapo analembapo zinthu zimene munthu wamtima sachita kulemberedwa: chakudya, moto, zovala zochapa, mankhwala ndi maliro oyenera.

Sindikunamizani kuti anali munthu wofewa. Msuzi ukachepa mchere ankati ndikufuna kuwapha ndi njala, ukachuluka mchere ankati ndikufuna kuwapha msanga kuti nyumba ndiidye ndekha. Koma ndi iwo amene anandiphunzitsa kudulira mphesa, ndipo tsiku lina nditanena kuti denga la nyumba yanu likudontha, anamenya ndodo pansi n'kunena kuti nyumba yanu ndiye iti, pano mpathu. Ndinawakonda ngati bambo anga. Zaka zinapita ndithu, ndipo kwina koti ndingakutche kwathu kunalibe.

Chaka chawo chomaliza, Khirisimasi itangodutsa, ndinaterereka pa madzi oundana ndikuchokera kotenga nkhuni, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Za tsiku limenelo ndimakumbukira ululu ndi denga la ambulansi basi. Anandichita opaleshoni, bala linachedwa kupola, ndipo ndinagona m'chipatala mpaka chipale chofewa chinasungunuka. Ndikaimba foni, bai Stamen ankangoti ali bwino, ndisawasokoneze akuonera nkhani. Nditabwerako ndi ndodo zanga ziwiri ndinawapeza ataondako pang'ono, koma atameta ndevu, malaya oyera, m'nyumba mosesa. Munthu wake anali woti sokosi sankatha kuvala yekha. Nditafunsa kuti ankawathandiza ndani, anati manja ali nawo awiri ngati ine ndemwe. Ndinafunsafunsa m'mudzi, aliyense anati pageti pathu sipankalowa munthu kupatula wagalimoto ya buledi amene ankakoleka thumba pachitsulo. Ndinasiya kufunsa. Anamwalira m'chilimwe cha chaka chomwecho mapulamu akupsa, dzanja lawo lili m'manja mwanga, ndipo ndinawaika ndi mwambo wonse. Zdravko anabwera kuchokera ku Varna, anadya tirigu wowiritsa wa pamaliro, koma maso ake anakhalitsa padenga kusiyana ndi pabokosi.

Loya amene ndinamupeza anali mayi Parvanova, wamfupi, wosuta fodya ngati uvuni, ofesi yake pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Ndinamukhuthulira zonse, za mphesa, za mchere, za dzanja lija. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Zonsezo ndamva, mayi, ndipo ndakhulupirira," anatero. "Koma lamulo silifunsa kuti munawakonda bwanji. Limafunsa chinthu chimodzi: zimene munalonjeza zinachitika, kapena sizinachitike?"

Anandifotokozera kuti kuphwanya pangano si kukana kokha ayi. Munthu amaphwanya posachita zimene analonjeza, amaphwanya pochita mochedwa, amaphwanyanso pochita mwatheka. Ndipo pa pangano losamala nkhalamba, kuchedwa n'chimodzimodzi kusachita, chifukwa munthu amene anagona ndi njala Lachiwiri sungamudyetse chakudya cha Lachiwirilo Lachisanu. Ndinamuuza kuti nanga ndikanayatsa bwanji mbaula ndili ndi zitsulo m'chiuno. Anati kudwala si mlandu, palibe amene angandinene za kugwa kwanga.

"Koma inu ndi amene munadwala, pangano silinadwale. Lamulo limalola kuti manja akhale a wina, bola ntchitoyo igwiridwe m'dzina lanu. Munasiya ndani?"

Ndinalibe dzina loti ndimupatse. Anawonjezera kuti Zdravko ali ndi chithunzi cha m'foni chimene anajambula mu Januwale, amalume ake atakhala okha kukhitchini atavala jasi, ndipo kuti ndine amene ndiyenera kuonetsa khoti kuti anasamalidwa, osati iye kuonetsa kuti sanasamalidwe. Ndinatsika masitepe aja ndikutukwana chamumtima, loyayo, Zdravko, ndi amene analemba malamulowo. M'basi ndi mmene mkwiyo unaphwa n'kusiya chinthu china chowawa kuposa. Mwina mkuluyo anazizidwadi. Mwina anagonadi ndi njala, n'kundibisira chifukwa cha kunyada kwawo kuja.

Mboni ndinapeza ziwiri: bai Gencho amene ankasewera nawo makhadi, ndi a Velika ogulitsa makandulo kutchalitchi. Zdravko anabweretsa mboni imodzi yokha, ndipo nditamva dzina lake ndinangodziwa kuti ndiyambe kumanga katundu. Anali a Tsveta, a kuseri kwa khoma lathu.

A Tsveta ndi bai Stamen sankamwerana madzi kuyambira nthawi ya minda ya boma. Bai Stamen anali kapitawo, ndipo anapeza Minko, mwamuna wa a Tsveta, ali ndi thumba la chimanga pangolo. Ena onse ankatenga, akapitawo ena ankayang'ana kumbali, koma iwo anakanena, nakaperekanso umboni. Minko anakagwira ndende, anatulukako ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndipo sanakhalitse. Kuyambira pamenepo a Tsveta akamadutsa pageti pathu ankawolokera tsidya lina la msewu. Ine ankandiyankha moni ndi mutu wokha. Zdravko sanali wopusa: anadziwa kuti mayi ameneyu amaona chilichonse cha pabwalo pathu, ndipo alibe chifukwa choikira kumbuyo nyumba imeneyi.

Tsiku la mlandu tonse tinakwera basi imodzi, poti basi yake ndi imodzi yomweyo. A Tsveta anakhala kutsogolo, atavala zakuda, chikwama pamiyendo, osacheuka.

Tsono pali matenda amene anthu a kwathu tili nawo, ndipo ine ndinawaiwala. Munthu akamwalira amasanduka chimphona. Palibe amene angaime pagulu n'kunena kuti malemu ankachita kunyamulidwa popita kuchimbudzi. Bai Gencho analowa atavala suti ya paukwati wake, analumbira mokweza, ndipo woweruza, mayi wachitsikana wa magalasi, atamufunsa za moyo wa bai Stamen, anatukula chifuwa.

"Ameneyo anali mwamuna, amayi. Sankafuna munthu. Nkhuni ankawaza yekha, kuphika yekha, kachasu wa mapulamu kutcheza yekha. Ginka uyu ankangokhala ngati mlendo wolemekezeka, kudya n'kugona."

Anatembenuka n'kunditsinzinira diso, kusonyeza kuti wandigwirira ntchito. Munthu amene ankamunenayo nkhwangwa anali ataisiya ine ndisanabwere n'komwe. A Velika nawo anathira mchere pachilonda. Anati chisanu chonse chija sanaone munthu ndi mmodzi yemwe akulowa pageti pathu, ndipo malemu sanapemphe kanthu kwa aliyense, anali munthu wodzilemekeza, Mulungu awakhululukire. Loya wa Zdravko ankangolemba akumwetulira. Mayi Parvanova anatsinzina n'kugwira pamphumi. Anthu awiriwa ankandikonda, ankakondanso malemu, ndipo ndi chikondi chawocho anali atandikumbira dzenje lokwana bwinobwino.

Kenako anaitana a Tsveta. Loya wa Zdravko anawafunsa ngati anandiona panyumba kuyambira pa Khirisimasi mpaka mu Marichi. Anati ayi. Anawafunsa ngati anaona wina aliyense akulowa pageti kudzasamala mkuluyo. Anatinso ayi. Loyayo anati alibenso funso, nakhala pansi. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za amene angandisungire makina anga osokera.

Woweruza anali akulembabe. Osadzutsa mutu, anafunsa ngati utsi unkatuluka pachumuni cha nyumbayo. A Tsveta anati unkatuluka.

"Ankayatsa mbaula ndani?"

A Tsveta anayang'ana chikwama chawo nthawi yaitali, mpaka woweruza anadzutsa mutu n'kuwakumbutsa kuti alumbira.

"Ndikudziwa kuti ndalumbira, mwana wanga. Zoona za m'nyumba ino ndimakudziwa kuluma kwake. Ndinkayatsa ndine."

Zimene ananena pambuyo pake anazinena ndi mawu ouma, ngati akuwerenga mayina a mbewu. Pakhoma la pakati pa mabwalo athu pali kakhomo, monga zilili nyumba zonse zakale, kamene amayi ankadutsirapo pokabwereka mchere kapena moto osatulukira kumsewu. Kathu anakakhomera ndi misomali iwo omwe tsiku limene Minko anaweruzidwa, ndipo ine zaka zonsezi ndinkangoona matabwa akale kuseri kwa migolo. Tsiku limene ndinagwa anazula misomaliyo. M'mawa uliwonse msewu usanadzuke, ndi madzulo nkhuku zikamalowa, ankadutsa pamenepo. Ankayatsa mbaula, ankabweretsa nyemba, chambiko, nthawi zina msuzi wa nkhuku. Ankasintha zofunda, kuwamwetsa mankhwala, kuwameta, kuwasambitsa. Tsiku limene Zdravko anabwera, a Tsveta atamva galimoto anatuluka msanga n'kusiya poto mu uvuni, ndipo mlendoyo sanakhale nthawi yokwana kumwa khofi, uvuniwo sanautsegule. Jasi lija mkuluyo ankalivala ndi m'chilimwe momwe. Atamva kuti ndikutuluka m'chipatala, anakhomeranso kakhomoko, ndipo anamuuza mkuluyo kuti akadzangotsegula pakamwa adzaona.

Loya wa Zdravko anadzuka msangamsanga. Anati zimenezi n'zokhudza mtima ndithu, koma ndi chifundo cha munthu woyandikana naye nyumba, si kukwaniritsa pangano. Mayiwa anamvera chisoni nkhalamba yosiyidwa, ndipo zimenezo zikungotsimikiza kuti inasiyidwadi. Ndinaona mayi Parvanova akuwongoka pampando. Woweruza anavula magalasi n'kufunsa a Tsveta kuti zonsezi ankachitira ndani.

"Chisoni? Ameneyo?" A Tsveta anamuyang'ana loyayo ngati wawaponda phazi. "Ameneyo ndi madzi akumwa omwe sindikanamupatsa. Anandiphera mwamuna. Funsani aliyense wakwera basi ija."

"Nanga munapitiranji?"

"Ginka uyu ananditumatu. Akumukweza mu ambulansi ine ndinali pawindo. Anthu anali atadzaza msewu, koma anatchula ine. Anakuwa kuti, achemwali a Tsveta, mkuluyo ndakusiyirani. Munthu akakutuma ali pamachira sungamuyankhe kuti ndili ndi zifukwa zanga."

Woweruza anafunsa ngati anavomera. Anati sanakane.

"Manja anali anga, ntchito inali ya Ginka. Ndikamamusambitsa ndinkamuuza kuti usaganize kuti ndine, ndi Ginka uyu akukusambitsa."

"Iwo ankati chiyani?"

"Ankatembenukira kukhoma."

Mawu a pamachira aja ine sindikuwakumbukira. Ululu unandilanda tsiku lonse lija. Koma a Tsveta si munthu wonama, ndipo ndikaganiza bwino ndimadziwa chifukwa chake pakamwa panga panasankha iwo pakati pa anthu onse aja. Zaka zonsezo ndinkaona pabwalo pawo ndikamayanika zovala. Anali mayi woti ndi nkhuku yake yomwe sinagonepo ndi njala. Ndinalira m'khotimo mopanda manyazi, osati chifukwa cha nyumba yokha. Mkulu uja sanazizidwe. Sanagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Mwala umene ndinausenza kuchokera ku ofesi ya loya unatsika pamenepo.

Chigamulo chinatuluka patapita masabata angapo. Mayi Parvanova anandiwerengera pafoni, akutsokomola: khoti lapeza kuti zimene ndinalonjeza zinachitika tsiku ndi tsiku, kudzera mwa munthu wina amene anachita m'malo mwanga, mkuluyo nazilandira, choncho pangano silinaphwanyidwe ndipo nyumba ndi yanga. Zdravko sanapitirize nazo. Ndinazungulira zipinda zonse ndi ndodo yanga, ndikugwira makoma ngati wamisala, kenako ndinamasula makina osokera amene ndinali nditawakulunga kale m'bulangete.

Koma umboni uja unali ndi mtengo wake, ndipo sindine amene ndinaulipira. Nkhani inafika m'mudzi basi yathu isanafike. Pasitolo anaitafuna mpaka inatha madzi, ena akuti a Tsveta ndi woyera mtima, ena akuti Minko akutembenuka m'manda. Kuchokera pasitolo inawoloka mpaka ku Spain, kumene kuli Plamen, mwana wawo yekhayo, amene anali akadali mwana wasukulu pamene apolisi anadzatenga bambo ake pamaso pake. Anaimba foni masana ena ine ndili m'munda mwa mphesa, ndipo kuseri kwa khoma ndinkangomva mbali ya mayi ake: eya, eya, ndamva, eya. Apa ndi pamene ndinamvetsa za misomali ija, chifukwa chake anaizula mobisa n'kuikhomeranso mobisa. Sankaopa miseche ya pasitolo. Ankadziwa bwino chimene adzataye zikadzamveka. M'khoti muja akanatha kungoti sindikudziwa amene ankayatsa, palibe akanawatsutsa, ndipo lero ine ndikanakhala m'kachipinda ka lendi m'tauni, iwo ali ndi mwana wawo.

Plamen ankabwera chaka chilichonse pa Isitala. Chaka chimenecho a Tsveta anapaka mazira utoto wofiira monga mwa nthawi zonse, anaphika buledi wotsekemera, anayanika zofunda za m'chipinda chake padzuwa. Sanabwere.

Lamulungu la Isitala masana ndinatenga nyama ya nkhosa m'mbale, ndinatulukira kumsewu anthu akuona, n'kukagogoda pageti pawo. Aka kanali koyamba kuponda pabwalo limenelo. Ndinawapeza atakhala pathebulo loyalidwa bwino, mbale ziwiri, imodzi yosagwiritsidwa ntchito.

"Waima pakhomo ngati wabwera kudzalanda katundu bwanji? Khala."

Ndinakhala pampando wa Plamen, poti wina panalibe. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira kunyumba, koma nditangoti achemwali, ine nyumba ija, anakweza dzanja.

"Ukangoyamba zothokoza, nyamula mbale yako uzipita. Unandituma, ndinapita. Nkhosayi waithira mchere wambiri."

Ndinatseka pakamwa n'kudya. Tinagundanitsa mazira, langa linasweka, ndipo anati zikuoneka kuti chilichonse changa sichichedwa kusweka. Ndinaseka mpaka m'chiuno munapweteka. Iwo sanaseke, koma anandiwonjezera buledi.

Tsopano maondo awo ayamba kukana, ndiye kukazizira ndimapita m'mawa kukawayatsira mbaula. Palibe pepala limene tinasaina, ndipo nyumba yawo ndi ya Plamen, ine sindikuifuna. Amadandaula kuti ndimawononga nkhuni, kuti ndimasesa ngati ndikuopa pansi, kuti nyemba zanga zinkayenera mkulu uja yekha. Ndimangoti eya, achemwali. Mawu othokoza aja amandiletsabe mpaka lero, ndikangoti ndiyambe amaloza chitseko. Ndiye ndikuwanenera kuno, kumene sangandimve: ndili ndi denga chifukwa cha mayi amene anasambitsa mdani wake m'dzina langa, kenako n'kunena zoona akudziwa kuti zimudyera mwana. Zikomo, achemwali a Tsveta. Ndilibe chimene ndingabweze chofanana nazo, ndipo ndasiya kuchifunafuna.

Masiku ambiri timadyera limodzi. Foni yawo amaiika pathebulo pafupi ndi mbale, ndipo tonse awiri timayesetsa kusaiyang'ana.